Kutsikira ku Bangula kukaona mphwanga

Lolemba

Ndanyamuka ku Blantyre 7 koloko itangokwana, minibasi itadzaza mpaka kondakitala kukhala chowerama pakhomo. Mapepala a Fomu 3 ndawasiya patebulo osachonga, ndidzawaona ndikabwerako. Achemwali akhala akundiimbira kuyambira Okutobala: "Achimwene, bwerani mudzaone mwanayu, inu ndi amene munaphunzira za thupi la munthu." Ine ndine mphunzitsi wa Biology chabe, koma kwathu ukangodziwa dzina la fupa limodzi ndiye kuti ndiwe dokotala basi.

Potsetsereka mapiri a Chikwawa makutu anatsekeka, mabuleki akununkha, mayi wina akupemphera chamumtima milomo ikugwedera. Pa Thabwa kutentha kunatilandira ngati tatsegula uvuni wa njerwa. Tinawoloka Shire pa Kamuzu Bridge, madzi ali ofiira ndi dothi la kumtunda, kenako Dyeratu, nzimbe za ku Nchalo, ng'ombe za ku Ngabu zodutsa msewu mosasamala hutala. Ku Bangula ndinatsika malaya atamatirira kumsana, kabaza n'kundimalizitsa ulendo.

Mphwanga, mwana wa achemwali, ali ndi zaka 7. Ndinamupeza kuseri kwa khola atagadabuza njinga ya bambo ake, akuzunguza tayala ndi chala chimodzi, diso lili pa masipoko. Ndinati, "Moni bwana, amalume abwera." Sanacheuke. Koma nditangokhudza pepala la switi m'thumba, dzanja lake linafika lisanafike diso. Kumva amamva ndithu. Switiyo anatenga, ine n'kukhala ngati mtengo umene wagwetsa chipatso.

Usiku achemwali anandipatsa buku lake la kuchipatala. Patsamba lina, chaka chatha, wina analemba mawu amodzi mothamanga, autism, dzina la vuto la kakulidwe ka ubongo limene limasokoneza kuyankhula ndi kucheza ndi anthu, ndi chizindikiro cha funso pambali pake. Akuti anangowauza kuti mankhwala ake kulibe, n'kuitana wotsatira pamzere. Chaka chathunthu mayi akusunga mawu osadziwa ngakhale katchulidwe kake. Ndinasanthula bukulo lonse kufuna malungo aakulu okomoka nawo, chifukwa kafukufuku wa ku Blantyre komweko anaonetsa kuti ana ena opulumuka malungo a mu ubongo amatsala ndi khunyu kapena kusintha khalidwe. Mulibe. Sikelo yonse anamaliza bwinobwino.

Tagona pakhonde, m'neti. M'nyumba simulowedwa.

Lachiwiri

Lero ndadzitchera ndekha msampha.

Tinakhala pansi pa mtengo wa nimu, ine, achemwali ndi apongozi awo, amayi a alamu. Gogoyo amayankhula Chisena chosakaniza ndi Chichewa, ndipo akamaluka mkeka wa mlaza maso sachoka pa ntchito koma palibe chowadutsa. Ndinakonza kukhosi ngati ndili m'kalasi n'kunena kuti, "Amayi, nkhani ya mwanayu ili m'majini."

Gogo anaponya mlaza pansi n'kuwomba m'manja. "Mwamvatu! Ndimanena ine. Ngakhale aphunzitsi avomereza kuti ndi majini."

Achemwali anandiyang'ana ngati ndawagulitsa. Zaka zonsezi ndikuphunzitsa sindinaganizeko kuti mawu amene timatchulira tizigawo ta DNA ndi omwewo amene anthu amatchulira mizimu yogwira munthu. Zinanditengera mpaka nthawi ya nsima kuti ndibweze ng'ombe m'khola.

Ndinayamba ndi kaundula wa amfumu. Pafupifupi mu selo iliyonse ya thupi muli buku la malangizo lotchedwa DNA, zilembo pafupifupi 3 biliyoni, zamitundu inayi yokha, ndipo m'menemo muli ndime pafupifupi 20,000, ndiwo majiniwo, zouza thupi kapangidwe ka mapuloteni, tizipangizo take togwirira ntchito. Mwana amalandira buku limodzi kwa bambo, lina kwa mayi, onse okoperedwa. Wokopera kaundula wamkulu chotero, ngakhale akhale wosamala bwanji, penapake adzadumpha chilembo. Gogo anamvetsera bwino, kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa: "Ndiye buku lolakwikalo labwera ndi ndani?"

Kuno si kwathu kumene mwana ndi wa kuchikazi ndipo malume ali ndi mawu. Kuno ng'ombe za lobola zinapita, mwana ndi wa kuchimuna, ndipo pakalakwika kanthu maso onse amagwera mkazi wobwera. Ndinawauza kuti azungu nawonso anayamba ndi kuloza mayi. Leo Kanner, dokotala wa ku Baltimore, ndiye analongosola ana 11 oterewa mu 1943, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 akatswiri ena otchuka ankaphunzitsa kuti vutoli limayamba chifukwa cha amayi ouma mtima, osafungatira ana awo. Amayi ambiri analira misozi yachabe. Chinathetsa bodzali ndi mapasa. Mu 1977 Susan Folstein ndi Michael Rutter anafufuza mapasa ku England n'kupeza kuti mapasa ofanana ndendende, a dzira limodzi, amakhala ndi autism onse awiri kawirikawiri kuposa mapasa osafanana, chonsecho onsewo amayamwa bere limodzi. Kafukufuku wina wa mu 2019, wa ana opitirira 2 miliyoni m'mayiko asanu, anapeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a chiopsezochi amachokera m'zobadwa nazo.

Gogo anati mapasa ali ndi nkhani zawozawo, si oyesera zinthu. Ndinaseka, nawonso anaseka, koma sanasunthe.

Nsima inali ya mapira, ndiwo mlamba wowamba. Mphwanga amadya nsima yokha, m'mbale yake yobiriwira, ndipo msuzi ukangoikhudza ndiye kuti yatha ntchito.

Lachitatu

Tinalawirira kumunda wa thonje dzuwa lisanakwiye. Mvula inagwa bwino koyambirira kwa mwezi, mbewu zamera mothithikana, ndiye ntchito ya lero inali kupatulira: paphando pamene pamera zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kuzula zofooka n'kusiya ziwiri. Achemwali amachita osayang'ana n'komwe. Ine msana unayamba kudandaula mzere woyamba usanathe.

Ndili chiweramire choncho ndi pamene ndinapeza poyambira, pamene dzulo ndinasowa. Ndinati, "Achemwali, bwanji osazisiya zonse? Si ndiye thonje lichuluke?" Anandiyankha ngati akuyankha mwana: zikapanikizana zimalimbirana chakudya, zimangotalika osabereka.

Ubongo nawo umapatulira. Muli maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni, ndipo selo imodzi imagwirana ndi anzake masauzande. Malo ogwiranawo, pamene uthenga umadumpha kuchoka pa selo ina kupita pa inzake, asayansi amawatchula kuti synapse. Khanda limamera malo oterewa ochuluka kwambiri kuposa amene lidzawafune. Kenako, kuyambira ubwana mpaka unyamata, ubongo umazula osagwiritsidwa ntchito n'kulimbitsa otsalawo. Mu 2014 gulu la David Sulzer ku yunivesite ya Columbia ku New York linayeza ubongo wa ana ndi achinyamata omwalira. Mwa amene analibe autism, malo ogwiranawo anali atachepa ndi pafupifupi theka pofika paunyamata. Mwa amene anali nayo anachepa ndi magawo 16 okha pa 100. Munda unamera bwino, wopatulira ndiye sanamalize ntchito.

Chochititsa chake anachilondola mpaka pa puloteni ina yotchedwa mTOR, imene imauza selo kuti kula, manga, usataye kanthu. Puloteni imeneyi ili ndi mabuleki ake, ndipo majini ena odziwika bwino pa nkhani ya autism, monga TSC1, TSC2 ndi PTEN, ndiwo mabulekiwo. Chilembo chikalakwika pamenepo, kumanga kumapitirira, kusesa kumachepa. Ana ena a vuto la PTEN amakhala ndi mutu waukulu kuposa anzawo.

Achemwali anaima, manja ali m'chiuno. "Ndiye n'chifukwa chake amatseka makutu chigayo chikalira? Zonse zimalowa nthawi imodzi?" Ndinati mwina. Ineyo ndimaganiza choncho ndikamuona: ife tikamacheza, phokoso la njiwa, la wailesi ya kwa aneba, la ntchentche, ubongo umalikankhira kumbuyo. Iye zikuoneka kuti zonse zimafika kutsogolo ndi mphamvu imodzi, mawu a mayi ake n'kukhala amodzi chabe mwa makumi.

Koma ndisanamize munthu, fanizo la thonjeli silikwanira ana onse. Pali ena amene vuto lawo ndi losiyana, malo ogwirana ndi ochepa kapena ofooka, monga zimakhalira pa matenda a Rett amene amagwira makamaka atsikana. Dzina ndi limodzi, njira zofikira pamenepo n'zambirimbiri.

Pobwerera tinamupeza atandandalika zitsekerero za mabotolo pakhonde, mzere wowongoka ngati wayeza ndi chingwe, zofiira pazokha, zachikasu pazokha. Ndinachotsa chimodzi pakati mwakabisira iye atatembenuka. Atabwerera sanawerenge n'komwe. Analunjika pa dzanja langa n'kulifumbatula.

Lachinayi

Alamu anali ndi katundu wokatenga kutsidya, ndiye ndinawaperekeza mpaka pa Mtayamoyo. Dzinalo silinama. Msewu ndi njanji zopita ku Chiromo ndi Makhanga zinadulidwa ndi madzi kalekale, ndipo anthu amawoloka pa mabwato, njinga zamoto, matumba a ufa, mbuzi, amayi oyembekezera, zonse m'bwato limodzi. Kumtunda kwake ndi dambo lalikulu la Elephant Marsh, la mabango ndi timifuleni tosawerengeka, kumene mvuu ndi ng'ona zili pakwawo ndipo anthu amazula nyika chaka cha njala. Tsidya linalo ukulionera ndi maso, koma wofuna kupitako pa galimoto ayenera kubwerera mpaka ku Thabwa n'kutsika ndi msewu wa East Bank, ulendo wa maola.

Ndinakhala pa gombe kudikira alamu, ndikuyang'ana mmene bwato limafikira. Pamafunika wopalasa, pamafunika chingwe, pamafunika chikhomo chomangapo, ndiponso doko lolimba loti katundu atsikirepo. Chimodzi chikasowa, katundu amafikabe, koma mochedwa, monyowa, kapena pena pake posayenera. Synapse ndi doko lotere. Mbali yotumiza uthenga ili ndi puloteni yotchedwa neurexin, mbali yolandira ili ndi neuroligin, ndipo ziwirizi zimakolana kuti maselo asatayane. Mu 2003 gulu la Thomas Bourgeron ku Paris linapeza zilembo zolakwika m'majini a neuroligin mwa anyamata apachibale m'mabanja awiri a ku Sweden. Mu 2007 gulu lomwelo linaloza jini ina, SHANK3, imene ili ngati nsanamira zogwira doko lonse kumbali yolandira. Palinso SCN2A, yopanga timakomo tolowera mchere wa sodium kuti selo ithe kutumiza mphamvu yake yamagetsi. Ikalakwika mwanjira ina mwana amayamba khunyu ali wakhanda, ikalakwika mwanjira ina amakhala ndi autism. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene khunyu ndi autism zimapezekera pamodzi kawirikawiri, ndipo ndawauza achemwali kuti akadzangoona mwana akuuma kapena kuyang'ana pamodzimodzi osagwedezeka, asadikire mawa.

Mu 2020 asayansi atasanthula DNA ya anthu opitirira 35,000 anatchula majini 102 okhudzana ndi autism. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti ambiri amagwera m'magulu awiri. Ena ndi a padoko penipeni. Ena, monga CHD8, ndi akapitawo, ntchito yawo ndi kuuza majini anzawo nthawi yoyamba ndi yoleka ntchito. Ndipo ambiri mwa iwo amakhala ali pakalikiliki mwana akadali m'mimba, pamene misewu ya mu ubongo ikulambulidwa.

Mfundo yomalizayi ndinaisunga, ndikudziwa kuti ndiifuna mawa.

Tinabwerako ndi makakana awiri akuluakulu ndi mutu wowawa ndi dzuwa. Anthu ambiri a m'kafukufuku amene ndatchulayu ndi azungu. Za ana a kuno ku Africa zangoyamba kumene kufufuzidwa, ku Kilifi m'dziko la Kenya ndi ku Cape Town. Ku Bangula kuno mwana amayezedwa malungo ndi magazi, basi.

Lachisanu

Manja akunjenjemerabe polemba izi.

Cha m'ma 10 koloko magetsi anayaka patatha tsiku lathunthu, alamu n'kuthamangira kukaliza chigayo, amayi a matumba atadikira kuyambira m'mawa. Achemwali anali kumjigo. Gogo ankaganiza kuti mwana ali ndi ine, ine ndinkaganiza kuti ali ndi gogo. Pakhonde panali zitsekerero zokha, mzere wosamaliza.

Mwana woti ukamuitana sayankha umamufuna bwanji? Tinabalalika, ena kumsika, ena kunjanji. Achemwali sanafunse munthu, anangotaya ndowa n'kuthamangira kumadzi. Anamupeza pa khwawa lina lodzaza ndi mvula ya sabata yatha, mtunda woposa kilomita, atalowa mpaka m'mawondo, akumenya madzi ndi chikhatho n'kumayang'ana mizere ikufalikira. Anali akuseka. Ine chibwerereni sindinamumveko akuseka. Ana ambiri a autism amakonda kuchoka osatsanzika ndipo madzi amawakoka, moti kumira ndi imodzi mwa ngozi zazikulu zimene zimawapha. Zimenezi ndinaziwerengapo, koma kuwerenga ndi kwina, kuona mwana ali m'madzi a m'chigwa cha ng'ona ndi kwinanso.

Madzulo magetsi atazimanso ndinakhala ndi alamu m'chigayo, tonse titayera ndi ufa. Ndi munthu wosayankhulayankhula, wa zaka zopitirira 50. Anayamba okha. "Alamu, inu mwamva zimene amanena anthu?" Ndinati ndamva. Chigayochi anagula mwana ali ndi zaka pafupifupi ziwiri, atagulitsa ng'ombe zisanu ndi thonje la zaka zitatu. Nthawi yomweyo mwana, amene anali atayamba kunena "mama" ndi "madzi", anasiya. Mudzi unawerengera wokha: wakhwimira mwana kuti chigayo chiyende. Anthu omwewo amabwera kudzagayitsa, akamachoka n'kumaloza mwana ndi milomo.

"Inuyo mukuganiza kuti ndinachita?" Anafunsa akuyang'ana lamba wa injini.

Ndinawauza kuti ana ena a autism amayamba ndithu timawu kenako n'kutitaya, kawirikawiri pakati pa chaka ndi theka ndi zaka ziwiri, kaya bambo ali ndi chigayo kaya alibe ngakhale nkhuku. Pa msinkhu umenewo chilichonse chochitika pakhomo chimasanduka wolakwa. Ku England chinali katemera wa chikuku: dokotala wina, Andrew Wakefield, anafalitsa zimenezo mu 1998, magazini ya zachipatala ya The Lancet inadzachotsa nkhani yakeyo mu 2010, ndipo kafukufuku wa ku Denmark wa ana opitirira 650,000 sanapeze kugwirizana kulikonse. Kwawo katemera, kwathu chigayo. Pamene njira za mu ubongo wa mwanayu zinkayalidwa, ng'ombe zisanu zija zinali zikudya msipu ku dambo.

Ndinawauzanso za zilembo zatsopano. Munthu aliyense amabadwa ndi zilembo pafupifupi 60 zosinthika zimene mulibe m'buku la bambo ake kapena la mayi ake, zolakwika pokopera basi. Ine ndili nazo, iwo ali nazo. Zambiri zimagwera pa malo opanda ntchito. Mwa apo ndi apo chimodzi chimagwera pa SHANK3 kapena CHD8. Ndipo mwa ana ambiri sipapezeka n'komwe jini imodzi yoti n'kuiloza, koma tizosiyana ting'onoting'ono tambirimbiri tochokera mbali zonse ziwiri, timene mwa makolo sitichita kanthu koma mwa mwana takumana.

Pali chimodzi chimene ndinameza. Kafukufuku wa ku Iceland wa mu 2012 anaonetsa kuti zambiri mwa zilembo zatsopanozi zimachokera kwa bambo, ndipo zimawonjezeka ndi pafupifupi ziwiri pa chaka chilichonse cha msinkhu wake, chifukwa maselo opanga mbewu ya mwamuna amakoperedwa moyo wonse. N'zoona, ndipo m'kalasi ndikadanena. Koma abambo achikulire ochuluka zedi amabereka ana opanda vutoli, ndipo munthu amene wangofunsa ngati anapha nzeru za mwana wake sindikanamusenzetsa mtolo wina usiku womwewo. Kaya ndinachita bwino kaya ndi mantha, ndikusinkhabe.

Alamu anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anathokoza m'Chisena, "Takhuta," n'kudzuka kukatseka mawindo.

Loweruka

M'mawa ndinapita ku sitolo ya zipangizo pa Bangula kukagula loko wokoka ndi misomali, n'kumukhoma pamwamba penipeni pa chitseko cha mpanda, poti mwana sangafike. Tinagwirizananso kuti chigayo chisanalizidwe wina azimutengera kaye kuseri, ndipo amayi a kumjigo ndi anyamata a kabaza auzidwe kuti akamuona yekha amugwire dzanja, asamufunse mafunso. Ndinajambula pa katoni kapu, mbale ndi chimbudzi kuti achemwali ayese kumuphunzitsa kuloza chimene akufuna. Kapu yanga inaoneka ngati ndowa. Anaiyang'ana kamodzi n'kuiika pamzere wa zitsekerero.

Gogo anandiperekeza mpaka pamsewu, chinthu chimene sindinayembekeze. Anati zonse ndanena azimva, za kaundula ndi za thonje, ndipo mpongozi wawo alibe mlandu. Kenako anatsitsa mawu n'kupempha ngati ndingawathandize ya thiransipoti, kuli munthu wina kutsidya amene amadziwa kutemera ana otere. Ndinawapatsa ya sopo n'kuwapempha kuti lumo lisakhudze mwanayo. Anati aganiza.

Minibasi inatifera pa Ngabu, paipi ya madzi itaphulika. Tinakhala maola awiri pansi pa mlambe, ndikudya kanyenya wa mbuzi wa mchere wambiri. Ndi pomwe foni inalira. Achemwali, akuseka mpaka kubanika.

"Achimwene, loko wanu uja. Wakunkhuniza mtondo mpaka pachitseko, wakwerapo, watsegula. Ndamupeza ali panja akutsekanso kuti aone mmene umayendera."

Ndawauza kuti abise mtondowo. Akuti nanga asinjira chiyani.